Khadi Lodindidwa Katatu

Tsiku lotseka malipiro ine sindikhala munthu woti n'kucheza naye. Ofesi yanga ndi kachipinda ka pansi pa masitepe, moyang'anana ndi khomo la holo yogwiriramo ntchito, ndipo nthunzi yonse ya kampani ino imathera kwa ine. Timachapa ndi kusita za m'mahotela: mabedishiti, matawulo, nsalu za patebulo. Ineyo sindigwira sopo. Anga ndi makhadi a nthawi, aja aliyense amasolola pachitsulo cha timatumba chili pakhomopo, n'kulowetsa m'wotchi kuti imudindire nthawi yolowa ndi yoweruka. Ndisanatumize malipiro kubanki ndimawaona onse limodzilimodzi n'kukonza zolakwika, poti khadi likanama, wina amagona ndi njala kapena kampani imalipira mzukwa.

Lolemba limenelo ndinalawira. Makhadi a mwezi watha ndinawapeza mulu pansi pa chitseko, pomwe alonda amandiikira akatseka holo Loweruka. Ndinaika atsopano m'timatumba, aliyense pamalo pake, n'kukhala pansi kuyamba kuwerenga. A kochapa anali bwinobwino, a madalaivala chimodzimodzi. Mutu unandiimira nditafika kwa anthu a simbi.

Kosita kuli anthu anayi, koma mmodzi, mayi woyembekezera, anali atayamba tchuthi chake Lachisanu, khadi lake n'kuchotsedwa. Otsalawo ndi amuna atatu, ndipo onse atatu anali ndi zachilendo pa tsiku limodzi, Loweruka, tsiku lomwe timaweruka masana. Khadi la Wayilesi, bambo wa pakamwa posatseka, linali loyera ngati sanabwere n'komwe. La Chimphona linadindidwa kawiri m'mawa, kawirinso masana, inki pamwamba pa inki. La a Chete, mkulu wathu wa imvi amene wasita pano kuyambira ine ndisanalembedwe ntchito, linadindidwa katatu: m'mawa, masana, kenako cha m'ma faifi madzulo, nthawi yomwe muholo simukhala ngakhale mphaka.

Ndili mkati modandaula ndekha, bwana manejala analowa osagogoda, thukuta lili kamukamu. Mitolo ya mabedishiti atsopano a hotela yathu yaikulu, yomwe inasitidwa n'kumangidwa Loweruka, inali itasowa. Zenera la kuseri kwa chipinda chositira analipeza lotsekula, ndipo pakhoma la mpanda panali mokhulika, pomwe munthu anaponyera katundu kunja. Akufotokoza zimenezo, maso awo anagwera pa makhadi atatu ndinawapatula aja. Anatola la a Chete, analiyang'ana, n'kuseka kuseka kopanda mano.

"Mbava yopusa chonchi sindinaionepo. Waba, n'kusainira."

Ndinawafunsa ngati iwowo atapita kokaba angayambe adinda khadi. Anati anthu ena dyera limawapha, mwina mkuluyo amafuna alandirenso ovataimu ya maola omwe amaba. Ndinati tidikire kaye, makhadi atatu onsewa akudwala matenda amodzi. Anandiuza kuti ine ndi kalaliki, osati wapolisi, ndipo apolisi enieni awaimbira kale, abwera nthawi yoweruka.

"Muwachotse pa malipiro, mayi. Lero akagona kuchitokosi."

* * *

A Chete anawakhazika m'chipinda chodikirira alendo, pabenchi, epuloni ikadali m'chiuno. Nditalowa anaimirira, ngati ine ndine woweruza. Munthu uyu dzina lakelo sanapatsidwe mwangozi. Ungagwire naye ntchito chaka chathunthu osamva mawu ake kupatula moni.

Anandiuza mwapang'onopang'ono kuti Loweruka anadinda m'mawa, anadinda masana, anapita kunyumba, basi. Sanabwerere. Nditafunsa ngati pali munthu amene angawachitire umboni kuti madzulo onse anali kunyumba, anayang'ana zikhatho zawo zopsa ndi simbi.

"Alipo mayi a kunyumba. Koma sangakuuzeni."

Apa m'pamene ndinamva zomwe palibe aliyense pakampani ankazidziwa. Akazi awo anachita sitiroko chaka chatha. Mbali imodzi inafa, ndipo pakamwa panatsekeka, amangoyang'ana. Ana ali kutali. Masana amawaonera ndi mayi woyandikana naye nyumba, koma dzuwa likapendeka mayiyo amapita kukagulitsa kumsika, Loweruka ndiye amachoka a Chete akangofika. Owasambitsa, owadyetsa, owatembenuza kuti asatuluke zilonda, ndi iwowa basi.

"Akanditsekera lero, palibe wokawatembenuza," anatero.

Sanalire, sanalumbire, sanandigwire mwendo. Ine ndiye mtima unandipweteka mpaka ndinachita kuyang'ana kumbali. Ndinawauza kuti akhale pansi, malipiro adikira. Ndinatuluka ndi makhadi atatu aja m'manja, ndilibe ngakhale poyambira.

* * *

Poyambira panadzibweretsa pokha. Ndinapeza Wayilesi atatsamira chitseko cha ofesi yanga, akuimba kamluzu. Amanditcha alamu, ngakhale palibe mchemwali wanga amene anam'funapo.

"Alamu anga okongola, ndamva kuti khadi langa la Loweruka lilibe kanthu. Wotchi imeneyi yakalamba, inki imaiwala. Ine ndinadinda m'mawa, ndinadinda masana, anthu onse ndi mboni. Mungolembapo ndi cholembera chanu chokomacho kuti ndinaweruka limodzi ndi anzanga."

Ndinam'funsa kuti atatuluka analowera kuti. Yankho linali lalitali ngati msewu: anapita kokaonera mpira, anakumana ndi uje, uje anamugulira chakumwa, mpira unatha mwakuti, woyimbira anakondera. Za a Chete anapukusa mutu mwachisoni, ati madzi odikha ndi amene amamiza, anthu osalankhula ndi oopsa. Ndinamuuza kuti khadi lake ndilikonza ndikamvetsa chomwe chinalidwalitsa. Anaseka, koma kamluzu sanakaimbenso pobwerera.

Chimphona ndinam'peza pa makina aakulu ositira mabedishiti, aja amameza nsalu mbali ino n'kuilavula mbali inayo. Thupi ndi la ng'ombe, koma mantha ndi a nkhuku. Asanamve n'komwe funso anali atayamba kale kulumbira pali amayi ake kuti iye sanabe ngakhale kansalu kopukutira m'manja. Nditamuonetsa khadi lake, anati iye anadinda kamodzi m'mawa, kamodzi masana, ndipo nthawi zonse ziwiri anapeza padinda kale wina. Anaganiza kuti ndi wotchi yapenga. Kunena sananene, poopa kuti angamudule malipiro chifukwa choononga khadi.

"China n'choti linali litakwera, achemwali."

Makinawo anali kulira, ndipo ndinaganiza kuti akunena za kutentha kwa muholo. Ndinangogwedeza mutu n'kumapita. Ndikanamva bwino pomwepo, ndikanapulumutsa maola anga awiri.

Alonda a pageti ndi munthu wokonda kuyamba nkhani ndi mbiri ya ntchito yawo. Ndinapirira. Anati Loweruka masana anthu anatuluka chigulu monga mwa masiku onse, ndipo a Chete anawakwezera dzanja potuluka. Kubwerera sanawaone, koma anavomera kuti mpira utayamba anali m'kanyumba kawo, khutu lili pa wailesi, moti ngakhale njovu ikanadutsa. Cha kumapeto kwa mpirawo anamva wotchi ya pakhomo la holo ikuti kha. Anaganiza kuti ndi bwana abwera kudzaona za ntchito, ndipo sanafune kuti awapeze akumvera mpira, choncho anatsitsa mawu n'kukhala phee.

"Tsiku limenelo linali losowetsa mtendere, mayi. Timu yanga inaluza, komanso mnzanga wokangana naye sanabwere. Loweruka lililonse Wayilesi potuluka amaima pano kundinyoza za mpira mpaka ndimuthamangitse. Koma ili, zii."

Ndinafunsa ngati anamuona akutuluka. Alonda anakanda m'mutu nthawi yaitali, n'kunena kuti munthu ameneyo samaoneka, amamveka, ndipo iwo sanamumve.

* * *

Ndinabwerera ndili ndi kukayika, koma kukayika sikutulutsa munthu m'chitokosi. Khadi lodindidwa madzulo linali la a Chete, dzina lawo lili pamwamba m'zilembo zanga zomwe. Bwana anali atadutsa kale kawiri pakhomo langa kufunsa ngati malipiro apita. Dzuwa linali litapendeka. Ndinayala makhadi atatuwo patebulo, ndinawatembenuza, ndinawanunkhiza, kalanga ine, ngati akanandiuza kanthu.

Ndiye ndinamva munthu akudandaula panja pa chitseko changa. Anali Anaukhondo, mayi wosesa, amene sangaone mpando wopendekeka osauongola ngakhale pali munthu pamwamba pake. Ndinasuzumira. Anali ataima pa chitsulo cha makhadi, nsalu yopukutira ili paphewa, akusolola makhadi a anthu a simbi n'kumawakweza mmwamba limodzilimodzi.

Ndinawafunsa chomwe amachita. Sanatembenuke n'komwe.

"Ndikutseka chibowo ichi. Lachisanu madzulo ndinakonza bwinobwino, lero wina wabwezeretsanso. Kathumba kapamwamba kopanda kanthu, pansi podzaza, zikuoneka ngati munthu wagweluka dzino. Anthu a pano dongosolo mulibe."

Pomwepo zonse zinandiwalira. Anthu a simbi ali ndi mzere wawo wa timatumba tinayi. Kapamwamba ndi ka mayi woyembekezera uja, kachiwiri ka Wayilesi, kachitatu ka a Chete, kapansi ka Chimphona. Mayiyo atachoka Lachisanu, Anaukhondo anakweza makhadi onse ndi kathumba kamodzi. Ndipo ine, amene ndakhala moyang'anana ndi khomo limeneli zaka zonsezi, ndikudziwa chinthu chimodzi: pano palibe amene amawerenga dzina pakhadi. Amabwera akuthamangira belu, amatuluka maso atachita chifunga ndi nthunzi, nkhope ili kwa mnzawo amene akucheza naye. Dzanja limapita lokha pa kathumba kake.

Choncho Loweruka khadi la Wayilesi linali pamwamba, pomwe sipafika dzanja la munthu, n'chifukwa chake linali loyera. A Chete anatenga la pa kathumba kachitatu, lomwe linali la Chimphona. Chimphona anapeza kathumba kake kopanda kanthu, anakweza maso, n'kudindanso lake lomwelo, ndiko kukwera ankandiuza kuja. Ndipo khadi la a Chete tsiku lonse linali pa kathumba kachiwiri.

Anaukhondo ataona nkhope yanga anafuna kubwezeretsa makhadiwo. Ndinawagwira dzanja.

"Asiyeni momwemo, amayi. Musauze munthu."

* * *

Wapolisi anafika belu lisanalire, bambo wamimba yake, wooneka kuti watopa ndi milandu ya anthu ena. Bwana anafuna kum'tengera molunjika kwa a Chete. Ndinaima panjira. Ndinapempha kuti onse awiri alowe kaye mu ofesi yanga, chitseko tichisiye chotsekula, aonere anthu akuweruka. Bwana anayamba kutukutira, koma wapolisiyo anati iye kukhala pansi sakana. Tinapanikizana atatu m'kachipindako, maondo akugundana.

Ndinawayalira makhadi a Loweruka n'kufotokoza za timatumba. Bwana anati zimenezo ndi nthano, munthu wamkulu sangalephere kuona dzina lake. Ndinati ayang'ane okha.

Belu linalira. Anthu anatuluka muholo akupukuta nkhope, ndipo wotchi inayamba kha, kha, kha. Wochapa wina anadinda akuyang'ana foni. Wina anadinda akumanga nsapato ndi dzanja linalo. Palibe ngakhale mmodzi amene anagwetsa diso pakhadi. Bwana anasendera pafupi ndi chitseko.

Wayilesi anabwera chakumapeto, khosi litapotokera m'mbuyo, akuuza Chimphona za mkazi wina amene anathawa mwamuna wake. Dzanja lake linakwera lokha, linafika pa kathumba kachiwiri, linasolola, linalowetsa m'wotchi. Asanalibwezere ndinatuluka.

"Alamu, tawerengani dzina lili pakhadi mwagwiralo."

Anayang'ana akumwetulira. Kumwetulirako kunatsalira pankhope pomwepo, kopanda mwini wake.

Wapolisi anadzuka pang'onopang'ono. Anam'funsa ngati Loweruka anadinda m'mawa ndi masana, monga anandiuzira ine. Wayilesi anavomera ndi mutu. Anam'funsa kuti anadinda pa kathumba kati. Anangoyang'ana pa kathumba kachiwiri. Ndinaika khadi la a Chete la Loweruka patsogolo pake n'kumuuza kuti kudinda kwake kwa m'mawa ndi kwa masana ndi uku, wotchi sinaiwale inki ayi, ndipo kwachitatuku kunachokera pa kathumba komweko. Alonda, amene anali atabwera kudzatseka holo, anaonjezera okha osafunsidwa kuti Loweruka masana bamboyu pageti sanadutsepo.

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Kwa nthawi yoyamba chilembedwereni ntchito, Wayilesi anasowa mawu. Atayamba kulankhula, zinatuluka zonse mosakanizika. Anadinda masana pamodzi ndi anzake kuti azioneka kuti waweruka, n'kubwerera kukabisala m'ngolo ya zovala zakuda. Holo itakhala zii anaponyera mitolo kuseri kwa mpanda, komwe mlamu wake weniweni ankadikira ndi njinga yamoto. Kenako potuluka pakhomo, mtima uli m'mwamba, dzanja linachita zomwe lakhala likuchita tsiku lililonse. Anazindikira wotchi italira kale. Usiku wa Loweruka ndi wa Lamulungu sanagone, akudziwa kuti wadzipereka yekha. Lolemba atamva kuti khadi lake ndi loyera, ndipo mlandu wagwera a Chete, anaganiza kuti Mulungu wamukhululukira.

"Dzanja ili," anatero, akuliyang'ana ngati la munthu wina.

Wapolisi anati dzanjalo alitenga, ndipo mwini wake aliperekeze. Anati akayambira kwa mlamuyo mabedishiti asanafike pamsika.

* * *

Abale, mpweya umene ndinapuma pamenepo sindinaupumepo. Ndinakhala pa ndowa ya Anaukhondo yovundikira, n'kuyamba kuseka ndekha ngati wamisala. Chimphona ankangozungulira akuuza aliyense kuti iye ananena kale kuti linakwera. Anaukhondo anafunsa ngati ndiye kuti iwo alakwa kapena achita bwino. Bwana anandiuza ndi mawu otsika kuti malipiro ndingatumize mawa m'mawa, banki sithawa. Ndinati ndituma lero lomwe, makhadi onse atatu ndawadziwa matenda ake. La Chimphona ndifafaniza kudinda kumodzi, la a Chete ndilembapo kuti anaweruka masana, ndipo la Wayilesi akalikonzere komwe akupitako.

Kenako tinapita kuchipinda cha alendo. A Chete anali pomwe ndinawasiya, epuloni atavula n'kuipinda bwinobwino pambali, ngati munthu wokonzeka ulendo. Ataona bwana anaimirira n'kutambasula manja onse awiri kutsogolo.

Bwana anachita manyazi mpaka makutu. Anayamba kupepesa, mawu ambirimbiri, za kuthamanga magazi, za hotela yomwe ikanatithawa, za zaka zomwe a Chete atumikira mokhulupirika. Mkuluyo ankangomvetsera, manja akadali m'malere. Ndinaona kuti sakumva kanthu, choncho ndinawadula bwana pakamwa.

"Bambo, nkhani yatha. Wakuba wapezeka. Mukupita kunyumba."

Manja aja anatsika pang'onopang'ono. Anakhala pabenchi, anaphimba nkhope ndi epuloni, mapewa akugwedezeka, koma osatulutsa mawu. Tinawasiya. Atadzuka anafunsa ngati mawa abwere nthawi yomweyo, ndipo bwana anati abwere nthawi iliyonse yomwe angafune.

Ndinawaperekeza mpaka pageti. Ankayenda mofulumira moti ine ndinachita kuthamangira, ndipo maso awo anali pa dzuwa, lomwe linali litatsikira kale kuseri kwa mpanda. Ndinawauza kuti ndasangalala kwambiri, ndipo ndinali kunena zoona, mtima wanga unali mbee. Ndinati chitokosi si malo a munthu wa msinkhu wawo, kuzizira kokhako kukanawadwalitsa.

Anaima pang'ono, dzanja lili pa chitsulo cha geti.

"Chitokosi sindimachiopa, mwanangu. Mayi aja amagona moyang'ana kuchitseko. Sangafunse munthu kuti bambo ali kuti. Akanangoona kukuda, kukucha, chitseko chosatseguka, n'kumaganiza kuti ndatopa nawo."

Anatuluka, ndipo asanafike pokhota msewu anali atayamba kuthamanga.